Kukonza nyumba mukakhala ndi mphaka kapena galu

Anzanga a kuno ku Mangochi amene mumaweta mphaka kapena galu, musataye ndalama pogula kapeti. Ndi mchenga wathuwu, kuphatikizapo ubweya, kapeti sichedwa kusanduka chisa cha utitiri. Simenti yosalala ndiyo yabwino: kusesa, kukolopa, basi. Komanso dzuwa la Okutobala likafika poswa mtengo, chiweto chimadzigonera pasimentipo n'kumamva kuzizira.

Pasofa yalani chitenje chakale choti muzichapa sabata iliyonse. Mphaka sangaleke kunola zikhadabo, n'chibadwa chake, ndiye musamukwapule. Kulungani chingwe cha khonje pa kamtengo, mukaimike pafupi ndi mpando umene amakonda kukanda. Neti ya udzudzu muziipindira m'mwamba kukangocha, chifukwa akaiboola odwala malungo ndi ana anu.

Usipa kapena utaka wouma musausiye m'lichero patebulo, muziika m'ndowa yokhala ndi chivindikiro cholimba. Mankhwala a makoswe akhale posafikira, amapha ndi ziweto zomwe.

Galu muyalireni mkeka wakewake pakhonde pamene pali mthunzi, ndi beseni la madzi losagubuduzika. Mkekawo muziukuntha n'kuuyanika padzuwa pafupipafupi kuti utitiri usaswane.