Kusankha Boti Lowedzera Mcheni mu Luangwa

M'chilimwe madzi a mtsinje wa Luangwa, ku Zambia, amaphwa kwambiri, mchenga n'kukhala ponseponse. Choncho gulani boti la aluminiyamu lophwatalala pansi, lotalika mamita 4 mpaka 5. Likakakamira pamchenga, anthu awiri amalikankha. La faibala n'lolemera, ndipo limang'aluka likagunda chitsa.

Injini ya mahosipawa 15 ikwanira, koma yambani mwayeza thabwa lakumbuyo pomangirira injiniyo kuchokera pamwamba mpaka pansi. Likakhala mainchesi 15, tengani injini ya mwendo waufupi (mwendo ndi mbali ya injini yotsikira m'madzi). Ya mwendo wautali imakumba pansi, mchenga umadya kampira kopopa madzi oziziritsa, injini n'kutentha. Mukailiza, onetsetsani kuti ikulavula madzi kumbuyo mosadukiza.

Musanalipire, ikani botilo pamadzi kwa mphindi 30, muone ngati m'malumikizidwe mukulowa madzi. M'mbali mwake mukhale mokwera ndithu, chifukwa mtsinjewu uli ndi mvuu ndi ng'ona zambiri.