Kajambulidwe ka Mzuzu ndi foni m'mawa wa chifunga

Anthu ambiri amadandaula kuti zithunzi zimene amajambula kuno ku Mzuzu zimatuluka zotuwa, ngati kuti wina wawaza phulusa pagalasi la kamera. Kawirikawiri foni imakhala ilibe mlandu. Mzinda uno uli pamtunda wa mamita oposa 1,200 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, m'dera la mapiri a Viphya, ndipo mpweya wachinyontho wochokera ku Nyanja ya Malawi ukakwera zitunda za ku Nkhata Bay umazizira n'kusanduka chifunga ndi mvula yamawawa. Wofuna kujambula Mzuzu ayenera kuphunzira kugwira ntchito ndi chifunga chimenechi, chifukwa akati adikire kuti chichoke adzajambula mzinda wofanana ndi wina uliwonse.

Choyamba ndi kulawirira. M'miyezi ya Juni ndi Julaye dzuwa limatuluka cha m'ma 6 koloko, ndipo inu muyenera kukhala mutafika kale pamalo anu lisanatuluke. Sankhani chitunda choyang'ana kudambo, popeza mpweya wozizira ndi wolemera ndipo usiku umatsetserekera m'zigwa, kumene chifunga chimagona. Zitunda za ku Masasa, chigwa cha mtsinje wa Lunyangwa ndi mbali yoyang'ana nkhalango ya Kaning'ina ndi malo abwino oyambira. Dzuwa likakwera chifunga chimayamba kubalalika, choncho muli ndi ola limodzi kapena awiri basi.

Musanajambule, pukutani galasi la kamera ndi kansalu kofewa ndi kouma, ndipo muzibwereza zimenezi pafupipafupi, pakuti timadontho ta chifunga timakhazikika pagalasipo inu osationa. Nsonga ya malaya imene yagwira fumbi imakanda galasi.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Kamera ya foni imadziyezera yokha kuwala, ndipo inapangidwa moganiza kuti malo ambiri sakhala owala kwambiri kapena amdima kwambiri. Ikaona kuyera kwa chifunga imaganiza kuti kuwala kwachuluka, ndiye imadetsa chithunzi chonse, n'chifukwa chake chifunga choyera chimatuluka chotuwa. Mankhwala ake ndi osavuta. Gwirani ndi chala pasikirini pamene pali chinthu chimene mukufuna chioneke bwino. Mafoni ambiri amatulutsa kachizindikiro kadzuwa pambali pake, ndipo mukakasuntha pang'ono chithunzi chimawala. Onjezerani kuwalako pang'ono chabe, mpaka chifunga chiyere koma mitengo isasowe. Komanso chifunga pachokha sichipanga chithunzi. Pamafunika chinthu chakuda pafupi ndi inu: tsinde la bulugamu, denga la malata lotuluka utsi, kapena wakabaza akukankha njinga yake, imene kuno timaitchula kuti sakaramento, pokwera chitunda. Chapafupi chikakhala chakuda ndipo zakutali zikumka zizimiririka, woona chithunzi amamva kutalika kwa malowo.

Pewani kukokera chithunzi pafupi ndi zala. Mafoni ambiri otsika mtengo amangodula chithunzi n'kuchikulitsa, ndipo m'chifunga zotsatira zake zimakhala phala. Yendani nokha kufupi ndi chimene mukujambula.

Za anthu ndiyenera kunenapo mosabisa, chifukwa ndinalakwitsapo. Tsiku lina ndinajambula mayi wogulitsa nthochi m'mbali mwa msewu popanda kumupempha, ndipo anandifunsa pamaso pa anzake ngati ndinkafuna kukagulitsa nkhope yake. Ndinafufuta chithunzicho ali pomwepo, manyazi atandigwira. Kuyambira pamenepo ndimayamba ndi moni, makamaka m'Chitumbuka, chifukwa "Mwawuka uli?" amatsegula mitima kuno kuposa kufotokoza kwakutali. Nenani chimene mukufuna kuchita ndi chithunzicho, muonetseni mwini wake mukajambula, ndipo akakana musaumirire. Ana musawajambule makolo awo asanavomere. Malo a asilikali, monga ku Moyale, alekeni ndithu.

Kuzizira kumathetsa batire msanga, choncho tchajani foni usiku magetsi akadalipo, ndipo muziisunga m'thumba lam'kati mwa jekete pamene simukujambula. Tengani kajumbo koivindikira mawawa akasanduka mvula. Foni ikanyowa, izimitseni, muipukute, muisiye pamalo ouma opita mphepo ndipo musailumikize kumagetsi mpaka itaumiratu. Kuikwirira mumpunga, kumene ambiri amakhulupirira, sikutulutsa madzi amene alowa m'kati.

Potumiza, dziwani kuti WhatsApp imachepetsa chithunzi kuti chipite msanga, ndipo chifunga ndicho chimayamba kuwonongeka, chimaoneka cha mizeremizere. Chithunzi chimene mwachikonda chitumizeni ngati dokyumenti, ngakhale kuti kutero kumadya bandulo yochulukirapo. Pa Facebook ndimaona zithunzi zambiri za Mzuzu zimene eni ake aziwonjezera mitundu mpaka udzu ukuwala ngati penti ndipo thambo lili bii ngati la kunyanja. M'maganizo mwanga kumeneko n'kuunamizira mzinda, ndipo ndikadakonda kuti muzingokonza kuwala, mitundu n'kuisiya mmene inalili.

Pali ntchito ina imene ambiri amaiona ngati yosafunika: kulemba malo ndi tsiku. Mzuzu anayamba cha m'ma 1947 ngati munda wa mitengo ya tung, imene mbewu zake zimatulutsa mafuta, anakhala mzinda mu 1985, ndipo akukula mofulumira moti chitunda chimene chili ndi mitengo lero chikhoza kudzaza nyumba zaka zochepa zikubwerazi. Sankhani malo amodzi okhala ndi chizindikiro chosasuntha, monga mlatho kapena mphambano ya misewu, ndipo muzijambulapo chaka chilichonse mwezi womwewo, mutayang'ana mbali yomweyo. Zithunzizo muziike m'foda yakeyake yolembedwa dzina la malowo ndi chaka, ndipo muzisunge pawiri, mufoni ndi pamemore khadi kapena pakompyuta, chifukwa foni imabedwa, imagwa, ndipo ikapita kwa okonza nthawi zina imabwerako yopanda kanthu.