Chilolezo choimikira galimoto pa koleji

Chilolezo muchipezeretu semesita isanayambe. Ku ofesi yoona za magalimoto kapena ya chitetezo mutenge chitupa chanu cha wophunzira, laisensi ndi mapepala a galimoto. Polemba nambala ya galimoto samalani kwambiri. Makoleji ena salabadiranso sitika, amagwiritsa ntchito kamera yowerenga nambala, ndiye mukasokoneza chilembo O ndi 0, makina amakuonani ngati simunalipire. Mukasintha galimoto kapena mukabwereka ya mnzanu, kalembetseni nambala yake tsiku lomwelo.

Chimene ambiri sachimvetsa n'chakuti chilolezo sichikusungirani malo. Zilolezo zimaperekedwa zambiri kuposa malo, poti anthu safika nthawi imodzi. Ngati kalasi ikuyamba 9 koloko, fikani kudakali mphindi 20 kapena 30, makamaka masabata oyamba. Malo amagawidwa ndi mitundu kapena zilembo: a aphunzitsi, a ogona pakoleji, a oyendera, a alendo. Werengani chikwangwani cha polowera, chifukwa malo ena amatseguka kwa aliyense madzulo, pomwe ena saloleza galimoto kugona.

Pamalo a anthu aulumali, panjira ya ozimitsa moto ndi potsitsira katundu musaimepo, ngakhale mphindi zisanu. Pamenepo amamanga tayala kapena kukoka galimoto, ndipo n'zoyenera kutero, malowo alipo chifukwa cha moyo wa anthu.

Akakulembani chindapusa molakwa, jambulani galimoto, chikwangwani ndi chilolezo musanasunthe, kenako kadandauleni masiku oikidwa asanathe. Chindapusa chosalipira makoleji ena amachiphatikiza ku fizi, ndipo chingakutsekereni kulembetsa semesita yotsatira.