Musathire Oyilo Wolakwika mu Giyabokosi

Eni galimoto zochokera ku Japan, monga Toyota Vitz ndi Nissan Note, dziwani kuti zambiri mwa izo zili ndi giyabokosi ya otomatiki ya mtundu wa CVT, yoyendera lamba wachitsulo, imene imafuna oyilo wakewake, osati ATF wamba (oyilo wa magiyabokosi ena a otomatiki) amene amakaniko ena amathira mwachizolowezi. Oyilo wolakwika amachititsa kuti lamba wachitsulo wa m'katimo aziterereka, ndipo galimoto imayamba kunjenjemera ponyamuka kapena kungolira popanda mphamvu pachitunda. Musanagule oyilo, onani dzina lake m'buku la galimotoyo.

Makaniko akamakhetsa wakale, donthezani pang'ono papepala loyera. Ngati wada bii ndipo akununkha kupserera, muuzeni atsegule pansi pa giyabokosiyo, aone ngati maginito a m'menemo agwira tizitsulo tambiri. Komanso muziima kotheratu musanasinthe giya kuchoka pa D kupita pa R.