Musanalipire maphunziro a mfuti ku South Africa

Kwa abale athu amene ali ku South Africa ndipo akufuna kuphunzira kugwiritsa ntchito mfuti kwa mwini sitolo ya mfuti amene anamuona pa wailesi yakanema, pali zoyenera kutsimikiza ndalama isanachoke m'thumba, chifukwa kutchuka pa kanema sikusonyeza kuti munthu amadziwa kuphunzitsa.

Yambani ndi mapepala anu. Lamulo la Firearms Control Act la 2000 limati wopempha satifiketi yosonyeza kuti ndi woyenera kugwira mfuti akhale nzika kapena wokhala ndi chilolezo chokhala m'dzikomo mpaka kalekale, ndipo kawirikawiri akhale wa zaka 21 kapena kuposerapo. Amene ali ndi chilolezo chogwirira ntchito chokha angotaya ndalama zake.

Kenako pemphani mphunzitsiyo akuonetseni umboni woti apolisi a ku South Africa (SAPS) anamuvomereza kuphunzitsa, popeza pepala lochokera kwa munthu wosavomerezeka silikulandiridwa.

Chofunika kwambiri, m'kuona kwanga, ndi kuyang'anitsitsa manja ake akamakupatsirani mfuti pakauntala. Katswiri weniweni amayamba wachotsa magazini (kabokosi kokhalamo zipolopolo), amatsegula mfutiyo n'kusuzumira ngati mwatsala chipolopolo, chala chake chili kutali ndi kachitsulo kowombera, ndipo kukamwa kwa mfuti salozetsa munthu ngakhale pang'ono. Amachita zimenezi nthawi iliyonse, ngakhale mfuti ili yatsopano m'bokosi. Chizolowezi chotere n'chovuta kunamizira, choncho mukaona akuitembenuza mfuti mosasamala pamene akucheza ndi makasitomala, kafuneni mphunzitsi wina.