Kugula masipika aang'ono ndi ampulifaya yake

Ine ndinaphunzira nditawotcha kale tweeter, kasipika ka pamwamba kaja kotulutsa mawu opyapyala. Ampulifaya yanga inali yofooka, ine n'kumaikweza mpaka kumapeto. Ikafika pamenepo mawu amaphwanyika, ndipo mawu ophwanyikawo ndi amene amapsereza tweeter.

Choncho mukafika m'sitolo, tembenuzani sipika muwerenge kumbuyo kapena pabokosi. Yang'anani ma ohm, muyezo wa mmene sipika imakanira magetsi kudutsa. Ngati yalembedwa 8, pafupifupi ampulifaya iliyonse iikoka bwino. Ya 4 imayamwa magetsi ambiri, ndiye onani kuti ampulifayayo yalembedwa kuti imapirira 4, apo ayi idzatentha.

Kenako onani ma dB, muyezo wa kukwera kwa mawu amene sipika imatulutsa ikapatsidwa watt imodzi. Apa ndi pamene anthu amapusitsidwa ndi ma watt akuluakulu olembedwa pabokosi. Kusiyana kwa 3 dB kumatanthauza mphamvu yowirikiza kawiri: sipika ya 85 dB, monga KEF LS50, imafuna ma watt owirikiza kawiri kuti ifanane ndi ya 88 dB. Pabalaza wamba, ampulifaya ngati Yamaha A-S301, yopereka ma watt 60 mbali iliyonse, ndi yokwanira. NAD 3020 ya 1978 inali ndi 20 okha, koma anthu amaisakabe mpaka lero.

Masipika aang'onowa amatchedwa bookshelf, kutanthauza shelefu ya mabuku, koma dzinalo lisakunamizeni. Ngati bowo lotulutsira bezi lili kumbuyo kwa sipika, musaikanikize kukhoma, mawu amangoti duu. Isunthireni patsogolo, tweeter ilingane ndi makutu anu mutakhala pansi. Pokayesa, tengani nyimbo yanuyanu.