Kafufuzidwe ka mbiri ya malo akale omwera mowa ndi mayina a misewu ku Mulanje

Misewu yambiri ku Mulanje ilibe zikwangwani. Wokulondolerani amangoti "mukatsike pa Chitakale", kapena amatchula bala imene inagwa kalekale koma dzina lake linatsalira pa siteji ya minibasi. Choncho kafukufuku ayambire pa dzina limene lili pakamwa pa anthu, mapepala abwere pambuyo. Ngakhale dzina loikidwa ndi boma siligwira nthawi zonse: msewu wa Midima unapatsidwa dzina la Robert Mugabe mu 2006, koma anthu akuutchulabe Midima.

Sankhani kachigawo kakang'ono, monga kuchoka pa boma kukafika pa Chitakale. Yendani wapansi ndi kope, jambulani msewuwo ngati mzere umodzi, ndipo nyumba iliyonse yooneka yakale muipatse nambala. Bala yakale imadziwika ngakhale itasanduka golosale kapena tchalitchi: kauntala ya simenti yokhala ndi mabowo a zitsulo zotchingira, zimbudzi ziwiri kuseri, ndi zilembo za Chibuku kapena Carlsberg zoonekera pansi pa laimu. Carlsberg anayamba kufululidwa ku Blantyre mu 1968, ndiye zilembo zake zikuuzani kale nyengo yoyambira kufunsa.

Musanafunse aliyense, kaonekereni kwa a nyakwawa. Anthu odziwa zambiri ndi amene anapuma ntchito m'minda ya tiyi, makamaka akapitawo ndi alonda, komanso atelala a pakhonde ndi amayi amene ankafulula masese. Malo amodzi mufunse anthu atatu, aliyense payekha. Mukawakhazika pamodzi, wamkulu akayankhula enawo amangoti "n'zoona zimenezo". Musayambe ndi kuwagulira mowa. Nkhani imakoma koma zaka zimasokonekera.

Funso loti "chinali chaka chanji?" silithandiza, chifukwa agogo angotchula chaka chilichonse kuti asakukhumudwitseni. Funsani chonchi: "Agogo, pamenepo munkalipira mashilingi kapena makwacha?" Kwacha inabwera mu 1971. Zikhomo zina zodalirika ndi njala ya 1949, chipwirikiti cha 1959, ufulu wa 1964, Napolo wa ku Phalombe wa 1991 ndi riferendamu ya 1993. Akakuuzani kuti bala inatsegulidwa ufulu utabwera koma kwacha isanafike, mwapeza mpata wa zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo mulembe mpatawo, osati chaka chongopeka.

Siyanitsani mitundu ya malowa, poti zimene anasiya n'zosiyana. Makalabu a azungu a m'maesiteti ankasunga mabuku a mamembala ndi a misonkhano. Bala ya laisensi imapezeka m'kaundula wa khonsolo, ndipo mumapempha kuuona polemba kalata kwa a DC. Shabini ya kachasu ilibe pepala lililonse, mbiri yake ili m'mitu ya anthu basi. Apa mpamene ambiri amasochera: nyumba imodzi imasintha dzina mwini akasintha, ndipo wolemba amawerenga mabala atatu pamene inali imodzi. Nthawi zinanso mwini amasamuka nalo dzinalo kupita tsidya lina la msewu. N'chifukwa chake chilichonse mulembe pa nambala ya nyumba, osati pa dzina.

Mukatero mupite ku mapepala. Ku National Archives ku Zomba kuli malipoti a ma DC a nthawi ya atsamunda, koma mukafunafuna "Mulanje" simupeza zambiri. Kale ankalemba Mlanje, Thyolo ankalemba Cholo, ndipo boma la Mulanje poyamba linkatchedwa Fort Anderson. Za Fort Lister, linga lomangidwa mu 1893 pampata wa pakati pa phiri la Mulanje ndi Michesi, mudzazipeza pansi pa Mlanje, chifukwa Phalombe inali mbali ya boma lomweli. Laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House, Blantyre, ili ndi mabuku ndi zithunzi zakale. M'nyuzipepala ya Nyasaland Times, imene tsopano ndi Daily Times, musangowerenga nkhani. Malonda ndi zidziwitso zogulitsa malo n'zimene zimatchula mahotela ndi eni ake.

Mayina ambiri a timisewu anachokera ku maesiteti: Lauderdale inali ya John Moir, uja wa magalasi amene anthu anamutcha Mandala, ndipo ku Thornwood Henry Brown anabzala tiyi mu 1891. Mayina a Chilhomwe, Chimang'anja ndi Chiyao atsamunda ankawalemba m'mene anamvera, ndiye dzina lokayikitsa la pa mapu kaliwerengereni mokweza munthu wa m'mudzimo kuti akuuzeni katchulidwe kake. Pamene pepala ndi agogo akutsutsana, lembani zonse ziwiri ndi kumene mwazitenga. Dzina la mwini shabini musalilembe popanda chilolezo cha abale ake.